Kholo Likadwala Matenda a Mgonagona: Mafunso ndi Mayankho pa za Ndalama Zolisamalira

Mafunso awa ndi amene ana amafunsana pamene mayi kapena bambo awo agwidwa ndi sitiroko, khansa, shuga yofika povuta kapena matenda oiwala, ndipo adokotala anena kuti, "Pitani nawo kunyumba muzikawasamalira." Mitengo ya zinthu sindinailembe dala, chifukwa mtengo wa lero ukhoza kukusokeretsani mwezi wa mawa.

Zipatala za boma ndi zaulere. Nanga ndalama zathu zikuthera kuti?

Ndi zoona kuti pa chipatala cha boma simulipira kuti muonane ndi dokotala kapena kuti mugonekedwe mu wodi ya aliyense. Zili choncho pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, pa chipatala cha pa boma, ngakhale pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kupatula ngati mwasankha nokha mbali yolipira. Koma chipatala ntchito yake ndi kuchiza, sichisunga munthu. BP ikatsika, bala likayamba kuuma, wodwala amatulutsidwa ngakhale sakutha kudzuka yekha.

Ngakhale adakali mu wodi, amene amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwachapira ndi kuwaperekeza kuchimbudzi ndi gadiyani wochokera kubanja. Gadiyaniyo amafuna ufa, ndiwo, makala, sopo ndi thiransipoti. Mankhwala akasowa pachipatala mumalemberedwa kuti mukagule ku famase. Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM zimalipiritsa, ndipo mapangano amene boma limachita ndi zina mwa izo kuti anthu azithandizidwa ulere amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana, osati agogo.

Choncho ndalama yaikulu siithera kwa dokotala. Imathera pa masiku onse amene wodwala ali pakhomo, ndipo gawo lalikulu la mtengowo ndi munthu amene wasiya zake zonse kuti akhale pambali pawo.

Kodi ku Malawi kuno kuli nyumba zosungirako okalamba odwala?

Zilipo zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi za mipingo ndi mabungwe achifundo omwe amatenga okalamba osowa wachibale aliyense. Banja lomwe lili ndi ana ogwira ntchito lisayembekezere kupeza malo kumeneko. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli anamwino ndi magulu amene amabwera kudzasamalira wodwala pakhomo molipiritsa. Kwa mabanja ambiri, chisamaliro cha nthawi yaitali chimachitikira m'chipinda cha m'nyumba mwawo.

Pa bajeti ya mwezi tilembepo chiyani?

Gawani zinthu pawiri: zogula kamodzi ndi zobwerera mwezi uliwonse.

Zogula kamodzi ndi monga matiresi abwino, pulasitiki yoyala pansi pa nsalu, njinga ya olumala kapena ndodo, mpando wokhala ndi chidebe pansi wa munthu amene sangafike kuchimbudzi, kamakina koyezera BP kapena shuga, ndi nyale ya sola. Nthawi zina pamafunika kukulitsa chitseko kapena kuchotsa sitepe ya pakhonde. Zimenezi zimapweteka tsiku logula, koma zimatha.

Zimene zimafoola banja ndi zobwerera: mankhwala, matewera a akuluakulu, magolovesi, sopo wochapira wambiri kuposa mmene mukuganizira, mafuta odzola, makala otenthetsera madzi, chakudya chofewa monga phala la Likuni, mazira, mkaka ndi nthochi, galimoto yahayala ya tsiku la kiliniki popeza munthu wofa ziwalo sangakwere kabaza, mayunitsi a foni, ndi malipiro a wosamalira. Lembani chilichonse m'kope kwa mwezi umodzi wathunthu, ngakhale machesi. Mwezi umenewo ndi umene ukuuzeni zoona. Pamwamba pake onjezani kangachepe kosunga, chifukwa usiku wina mudzafunika galimoto mwadzidzidzi.

Matewera ogula ndi okwera mtengo. Mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zitenje zakale zofewa masana, ogulawo n'kusungira usiku ndi masiku a ulendo. Njira imeneyi imapulumutsa ndalama, koma dziwani kuti imachulukitsa ntchito ya wochapa.

Mchemwali wathu ndi amene akukhala ndi amayi. Kodi tiziwalipira, chikhalirecho ndi mayi awo omwe?

Inde, muziwapatsa ndalama yawoyawo mwezi uliwonse. Pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene ndikufuna mulimvetse.

Taonani tsiku la munthu ameneyu. Wadzuka kawiri kapena katatu usiku kutembenuza amayi. M'mawa kusanache wawasha moto, watenthetsa madzi, wawasambitsa ali chigonere, wasintha zofunda zonyowa. Phala amawamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono kuopa kuti angatsamwe, ndipo mbale imodzi imatha nthawi yaitali. Kenako kuchapa, kutunga madzi, kuphika, kuwanyamula kuti akaothere dzuwa, kuwabwezanso. Msana umamupweteka. Geni yake ya tomato kapena kaunjika inaima kalekale, munda wake wapalira mochedwa, kumaliro ndi kutchalitchi amapita mothamanga. Ana ake akufunabe fizi.

Ndiye achimwene a m'tauni akatumiza ndalama amanena kuti, "Iyi ndi ya mankhwala a amayi," n'kufunsanso malisiti. Ya iyeyo palibe. Akatapapo pang'ono kuti agulire mwana wake kope, nkhani imafika pa gulu la WhatsApp kuti ndalama sizikuoneka. Umu ndi mmene mabanja ambiri amaswekera, ndipo wolakwiridwa nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi, mpongozi, kapena mdzukulu wamkazi amene wasiyitsidwa sukulu.

Ena amati kulipira mwana chifukwa chosamalira mayi ake si mwambo wathu. Koma simukugula chikondi chake. Mukubwezera zimene wataya kuti nonsenu mupitirize kugwira ntchito zanu. Akanapanda iye mukanalemba munthu wina ndipo mukanamulipira osadandaula. Ngati mawu oti malipiro akukuvutani, itchuleni ya sopo, bola ikhale yodziwika kuchuluka kwake, ibwere pa tsiku lodziwika, ndipo ikhale yosiyana ndi ndalama ya zofuna za wodwala. Ikafika m'manja mwake, musamufunse kuti wagulira chiyani.

Kupatula ndalama, amafunika kupuma. Gwirizanani kuti pa sabata pakhale tsiku limene wina amamulandira, ndipo pa chaka pakhale nthawi imene amachokapo ndithu. Nyengo ya dzinja mulipireni aganyu ndi feteleza wa munda wake. Mdzukulu amene ali pa sukulu asakhale wosamalira wamkulu, zivute zitani. Athandize madzulo ndi Loweruka, koma asasiye kalasi.

Tilembe nesi kapena munthu wamba?

Zimatengera matenda. Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, monga kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kupereka mapiritsi pa nthawi yake, munthu wamba wachifundo ndi wamphamvu akhoza kuzigwira ataphunzitsidwa bwino. Musanatuluke m'chipatala, pemphani anesi kuti amuonetse ndi manja, osati kungomufotokozera. Nesi weniweni amafunika pa zinthu monga kusintha chubu cha mkodzo, kutsuka bala lakuya, jakisoni, kapena kudyetsa kudzera pa chubu cha m'mphuno. Njira yotsika mtengo ndi kukhala ndi wosamalira wamba tsiku lililonse, nesi n'kumabwera masiku owerengeka.

Wina akakuuzani kuti ndi nesi, muone chiphaso chake cha Nurses and Midwives Council of Malawi. Yunifolomu yoyera aliyense akhoza kusoketsa.

Munthu amene mwamulemba ndi wantchito, ndipo lamulo la zantchito limamuteteza. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ikuuzani mlingo umene ulipo panopa. Ali ndi ufulu wopuma pa sabata ndi tchuthi cha pa chaka. Lemberanani pa pepala ntchito yake, maola ake ndi malipiro ake. Kusamalira munthu wogona ndi ntchito yolemera kuposa kusesa ndi kuphika, ndipo mukamulipira ngati wongosesa adzachoka pakatha miyezi iwiri, inu n'kuyambanso kuphunzitsa wina. Musamuunjikirenso ntchito za nyumba yonse.

Pali chimene tingachite kuti ndalama zisamathe kwambiri?

Pewani zilonda za pogona. Munthu akagona mbali imodzi nthawi yaitali, khungu la pa chiuno, pamwamba pa matako ndi pa zidendene limayamba kufiira kapena kuda, kenako limatseguka. Chilonda chimenechi chikazama chimadya miyezi, mabandeji, mankhwala ndi maulendo a kuchipatala, ndipo chikhoza kupha. Kuchipewa kwake ndi kutembenuza wodwala maola awiri alionse, kusamusiya pa nsalu yonyowa kapena yokwinyika, ndi kuika pilo pakati pa mawondo ndi pansi pa miyendo kuti zidendene zisagunde matiresi. Yang'anani khungu tsiku lililonse powasambitsa.

Chachiwiri, musadumphitse mankhwala a BP ndi shuga pofuna kusunga ndalama. Sitiroko yachiwiri ndi yokwera mtengo kuposa mapiritsi a chaka chonse. Zipatala za m'maboma zili ndi masiku a kiliniki ya matenda amenewa, ndipo mankhwala akakhalapo ndi aulere. Pitani ndi buku la kuchipatala la wodwala nthawi zonse. Mukamagula ku famase, funsani ngati pali mankhwala omwewo a kampani ina otsikirako mtengo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe kuti pakhomo panu pali wodwala wogona.

Ana tilipo ambiri koma kapezedwe n'kosiyana. Tigawane bwanji?

Osati mofanana. Mphunzitsi wa pulayimale ndi mng'ono wake wa bizinesi ya magalimoto sangapereke ndalama imodzimodzi. Aliyense anene yekha zimene angakwanitse mwezi ndi mwezi osaphonya, chifukwa ndalama yochepa yobwera pa tsiku lake imathandiza kuposa yambiri yobwera mwa apo ndi apo. Amene alibe ndalama apereke chimanga, nkhuni, kapena masiku ogona ndi wodwala, ndipo zimenezo zilembedwe m'kope momwemo ngati chopereka chenicheni.

Sankhani msungichuma mmodzi, makamaka amene si wosamalira, kuti wosamalirayo asamakhale woimbidwa mlandu. Gulani nambala yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba yongosungira ndalama za wodwala. Kumapeto kwa mwezi msungichuma ajambule tsamba la kope n'kutumiza pa gulu. Amuna anu kapena akazi anu adziwe zimene mwalonjeza, chifukwa ndalama yotuluka mobisa imayatsa moto m'nyumba ina pamene mukuzimitsa kwina.

Pakakhala mwana amene akukaniratu, itanani malume kapena mwinimbumba alankhule naye kamodzi. Akakanabe, pangani bajeti yopanda iye. Kudikira ndalama imene sibwera kumazunza wodwala.

Abambo ali ndi penshoni ndi kandalama kubanki. Tingagwiritse ntchito?

Ndalama imeneyo ndi yawo, ndipo kuwasamalira iwowo ndi ntchito yake yoyamba. Musaisunge poganiza za chuma cha masiye pamene eni ake akugona pa mphasa yonyowa. Koma akhale akudziwa ndipo avomere.

Zimene mabanja ambiri amachita ndi kungotenga khadi ya ATM ndi nambala yake yachinsinsi. Zimayenda mpaka tsiku limene khadi yatha ntchito, kapena m'bale wina wafunsa kuti ndalama zinapita kuti. Chitani zinthu mwadongosolo abambo adakali okhoza kulankhula ndi kusaina. Pitani nawo kubanki akaonjezere munthu wosainira, kapena loya alembe kalata yopatsa mwana mmodzi mphamvu yowaimira. Mutu ukasokonezeka, sangasainenso kalata yotere, ndipo nkhani imafuna khoti. Amene sangakwanitse loya apite ku Legal Aid Bureau. Onetsetsaninso kuti chiphaso chawo cha unzika chili pamalo odziwika.

Ngati anagwirapo ntchito pa kampani, fufuzani ngati pali penshoni imene sanatenge. Lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, linakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Funsani kumene ankagwira ntchito kuti ndalamazo zinkapita ku kampani iti, kaya ndi NICO, Old Mutual kapena ina. Amene anali m'boma, monga aphunzitsi ndi apolisi, amalandira penshoni yawo mwezi ndi mwezi.

Tigulitse munda kapena nyumba?

Chikhale chomaliza. Matenda a mgonagona sauza munthu kuti atha liti. Ndalama ya munda ikhoza kutha m'chaka chimodzi, wodwala n'kukhala ndi moyo zaka zina zisanu, banja lilibe polima. Yambani ndi zimene zimabweretsa ndalama mobwereza: kuchititsa lendi munda kwa nyengo imodzi, kuika munthu wa lendi m'nyumba ya m'tauni kapena m'zipinda za kuseri. Kenako ziweto, njinga yamoto, ndi katundu wina amene akungokhala.

Munda wa makolo kawirikawiri si wa munthu mmodzi. Kumadera a chikamwini ndi wa mbumba, ndipo mwana mmodzi sangaugulitse payekha ngakhale cholinga chake chili chabwino. Mwinimbumba ndi anyakwawa ayenera kudziwa, ndipo malo a makolo ali ndi lamulo lake la 2016 limene liyenera kutsatidwa. Ngati kholo linalo lili moyo, kumbukirani kuti lidzafuna pokhala ndi polima. Mukafika pogulitsa ndithu, mwini wake avomere pamaso pa mboni, zilembedwe, ndipo ndalamayo ilowe mu akaunti yodziwika kwa ana onse.

Ino ndi nthawinso yolimbikitsa kholo kulemba wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, koma wilo imatseka mikangano isanayambe. Ngati kholo likufuna kusiyira kanthu mwana amene walisamalira, lilembe lokha lidakali ndi nzeru zake.

Boma limathandizapo?

Pang'ono. Ku Malawi munthu salandira penshoni chifukwa chongoti wakalamba. Chimene chilipo ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse. Imapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 mwa 100 alionse. Agogo odwala amene akulera adzukulu ndi mtundu wa banja limene ndondomekoyi imafuna. Ndalama yake ndi yogulira chakudya ndi sopo, singalipire wosamalira. Kuti mudziwe ngati kholo lanu lingalowemo, funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu achikulire ku nkhanza, tsankho ndi kunyalanyazidwa. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba, ndi limodzi mwa amene analimenyera nkhondo, ndipo ndi malo abwino kufunsako za ufulu wa kholo lanu.

Thandizo limene limafika msanga nthawi zambiri ndi la pafupi: amayi a Mvano, a Dorika, a mphakati kapena limana, a ku mzikiti, ndi magulu osamalira odwala m'makomo. Sabweretsa ndalama zambiri, koma akhoza kuchapa, kutunga madzi, kapena kukhala ndi wodwala masana amodzi kuti wosamalira agone. Auzeni. Mabanja ena amabisa wodwala chifukwa cha manyazi, n'kudzimana thandizo limeneli.

Nanga MASM kapena inshulansi ina ya zachipatala?

Ngati kholo lili kale pa sikimu, musaisiye kulipira. Imathandiza pa kuonana ndi dokotala, kuyezetsa, mankhwala ndi kugonekedwa m'zipatala zolipira, malinga ndi mlingo wa sikimuyo. Musayembekezere kuti ilipira wosamalira wa pakhomo kapena matewera. Ngati mukufuna kulembetsa kholo lomwe ladwala kale, funsani mafunso atatu musanapereke ndalama: pali malire a zaka, mudikira nthawi yaitali bwanji musanayambe kuthandizidwa, ndipo matenda amene ali nawo kale akulowamo kapena ayi. Yankho likhale lolembedwa.

Amayi ali ndi khansa ndipo akumva ululu kwambiri. Kodi tiwatengere ku chipatala cholipira?

Musanatero, funsani za chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda osachizika. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Mofini wakumwa, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amaperekedwa kudzera kumeneko. Anthu ena amamuopa poganiza kuti amafulumizitsa imfa, koma akaperekedwa pa mlingo woyenera amathandiza munthu kugona, kudya ndi kucheza ndi adzukulu ake.

Funsani adokotala mosabisa kuti, "Chithandizo ichi ndi chochiza kapena chongochepetsa ululu?" Yankho lake lisintha kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zanu. Ndi zowawa kuona banja likugulitsa zonse chifukwa cha ulendo wa kunja umene madokotala akudziwa kale kuti susintha kanthu, kenako n'kusowa ya mkaka m'miyezi yomaliza. Ngati pali mwayi weniweni wochira, menyani nkhondo. Ngati palibe, ndalamayo igule mpumulo wa wodwala.

Pambuyo pa sitiroko, mafizo ndi ofunikadi? Thiransipoti yake ikutipweteka.

Ndi ofunika, makamaka miyezi yoyambirira, pamene thupi limabwezeretsa zambiri. Munthu akaphunziranso kukhala tsonga, kudya yekha ndi kufika kuchimbudzi, ntchito ya wosamalira imachepa kwa zaka zonse zotsatira. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zazikulu zili ndi madipatimenti a mafizo. Ngati simungathe kupita pafupipafupi, wosamalira apite nawo, aphunzire, ajambule pa foni, azikachititsa wodwala kunyumba tsiku lililonse.

Agogo ayamba kuiwala, kuyenda usiku ndi kulankhula zosamveka. Ena akuti ndi ufiti.

Awa ndi matenda a ubongo. Munthu amaiwala mayina a ana ake, amasochera pakhomo pake pomwe, amavula pagulu, amanena kuti wina wamubera. Nthawi zina amavomera zinthu zimene sanachite, ndipo apa ndi pamene okalamba ena amenyedwa ndi kuphedwa. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Auzeni anyakwawa ndi anansi msanga kuti agogo akudwala, kuti akawapeza panjira usiku awabweze kunyumba.

Pa nkhani ya ndalama, apa ndi pamene mabanja amataya zambiri kwa asing'anga ndi kwa anthu olonjeza machiritso polipiritsa. Pemphero silifuna mbuzi. Pitani nawo kuchipatala kaye. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi nthawi zina kumayamba ndi matenda a m'njira ya mkodzo, malungo, kapena shuga, ndipo zimenezo zimachizika. Ngati ndi matenda oiwala enieni, a zamaganizo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena pa chipatala cha boma lanu angakuthandizeni. Pa bajeti dziwani kuti wodwala wotere amafuna maso usana ndi usiku ngakhale thupi lili lamphamvu, choncho munthu mmodzi sangakwanitse.

Tiwabweretse m'tauni kapena akhale kumudzi?

Afunseni eni ake. Kumudzi kuli anthu ambiri olandirana, nyumba si ya lendi, ndipo okalamba ambiri amakhazikika mtima pamalo pamene anazolowera. M'tauni chipatala ndi famase zili pafupi, koma aliyense amachoka m'mawa, choncho wosamalira wolipidwa sapeweka. Mabanja ena amawasunga m'tauni miyezi ya mafizo ndi makiliniki, zinthu zikakhazikika n'kubwerera kumudzi.

Ndili ku Joni kapena ku UK. Ndithandize bwanji kuti ndalama zanga zigwire ntchito?

Tumizani mlingo wodziwika pa tsiku lodziwika, kudzera m'njira zosiya umboni monga Mukuru, WorldRemit kapena banki. Musadikire foni ya mwadzidzidzi. Muziunikanso mlingowo pakapita miyezi ingapo, chifukwa mitengo kumudzi siima. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo zinthu zochokera kunja monga mankhwala ndi matewera zinakwera motsatira.

Kutumiza ndalama zambiri sikukupatsani udindo wolamula amene akugona pansi pambali pa bedi. Mukaimba foni, funsaninso za moyo wa wosamalira. Mukabwera pa tchuthi, mulandireni ntchitoyo masiku angapo, iye apite kukapuma. Nanunso nenani zoona za malire anu. Abale ambiri sadziwa kuti lendi ya kunja imadya zingati.

Bwanji ndingowatengera ku UK kuti akasamalidwe kumeneko?

Ndi zovuta kwambiri. Chitupa chobweretsera kholo kuti likakhazikike chimafuna umboni woti likufunika chisamaliro cha nthawi yaitali pa zochita za tsiku ndi tsiku, komanso kuti chisamalirocho sichingapezeke kwawo ngakhale inu mutatumiza ndalama. Chitupa cha mlendo ndi cha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mlendo akagonekedwa m'chipatala cha boma (NHS) ku England amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wake. Ndalama imene ingalipire masabata ochepa a chisamaliro kumeneko ikhoza kulipira wosamalira ndi nesi kwa nthawi yaitali ku Malawi.

Kholo langa linakhazikika ku England kalekale. Amalipira ndani?

Kumeneko chipatala ndi chaulere kwa okhazikika, koma nyumba yosungira okalamba si yaulere. Yambani ndi kupempha khonsolo kuti idzaunike zosowa za kholo lanu, ndipo kuunikako salipiritsa. Kenako amawerengera chuma chake. Chikaposa £23,250 limadzilipirira lokha. Chikakhala pansi pa £14,250 chumacho sachiwerengera, koma limaperekabe kuchokera pa penshoni. Pakati pa milingo iwiriyi amagawana ndi khonsolo. Nyumba yake siwerengedwa ngati likusamalidwa pakhomo pomwepo, kapena ngati mkazi kapena mwamuna wake akukhalabe momwemo. Koma nyumba kapena puloti imene linagula ku Lilongwe kapena ku Mzuzu imawerengedwa ngati chuma, ndipo kusamutsira katundu kwa ana pofuna kuzemba malipiro sikuthandiza, chifukwa khonsolo ikhoza kuwerengera chumacho ngati kuti chilipobe.

Ngati vuto lalikulu ndi la matenda, pemphani kuti liunikidwe pa NHS Continuing Healthcare, yomwe imalipira zonse posayang'ana chuma. Palinso Attendance Allowance, ndalama ya boma ya okalamba ofunika chisamaliro, yomwe sayang'ananso chuma. Ana sakakamizidwa ndi lamulo kulipira, pokhapokha atasaina okha pangano, choncho werengani bwino pepala lililonse. Ku Scotland malamulo ndi ena.

Tikongole?

Pa chinthu chogula kamodzi, monga njinga ya olumala kapena matiresi, ngongole ya ku banki m'khonde kapena ku SACCO ikhoza kuthandiza ngati mukudziwa pobwezera. Pa zofuna za mwezi ndi mwezi, ayi, chifukwa mwezi wa mawa zofunazo zibweranso pamodzi ndi chiwongoladzanja. Katapila musamuyandikire n'komwe. Mukaona kuti mwezi uliwonse mukukongola, ndiye kuti bajeti yakula kuposa banja. Khalaninso pansi, muone chochotsa ndi amene angaonjezere.

Ena akuti tisungeko ndalama ya maliro. Si kulosera zoipa kumeneko?

Ayi. Kunena za bokosi kholo lili moyo kumalemera pakamwa, koma tsikulo likafika mopanda kukonzeka, ngongole imagwera anthu omwe atopa kale. Patulani kangachepe mwezi uliwonse, kapena funsani za inshulansi ya maliro ndi malire ake a zaka. Ngati wodwala ali m'tauni koma adzaikidwa kumudzi, galimoto yonyamula thupi ndi imene imadya kwambiri, ndipo ena amaganizira zimenezi posankha kumene akhale miyezi yomaliza.

Thumba la maliro lisakule kuposa la wodwala. Ngati m'bale wanena kuti iye adzagula bokosi, muthokozeni, kenako mumuonetse kope la mwezi uno n'kumupempha kuti theka la ndalamayo alipereke panopa pa matewera, mkaka ndi malipiro a wosamalira.